Chikhatho cha Pinki pa Jekete

Mphepo ya m'mawa umenewo inadzuka ndi chiwembu. Mtsikana wina wojambula zithunzi ndi penti anali ataima pokwerera basi, atakumbatira chinsalu chachikulu chokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Atangokweza dzanja kuti aimitse basi, pepala lija linauluka, chinsalu n'kupendekera kumsewu.

"Mayo ine, ntchito yanga!"

Dzanja lina linachigwira chisanagwere m'matope. Linali la mnyamata wamtali, wovala jekete yachikasu ya kuntchito, chisoti chili m'khwapa, malamba okwerera m'mwamba ali paphewa.

"Musalire asisi, chapulumuka," anatero mnyamatayo. Koma m'malo mobweza chinsalucho, anayamba kuchiyang'ana.

Panali mapiri ndi minda, koma thambo lake linali lowala ngati magetsi a m'nyumba yovinira. Pamwamba pa phiri panali nsanja ya netiweki, m'mbali mwa msewu muli chikwangwani chotsatsa zakumwa chokhala ndi nkhope ya woimba akumwetulira. Pakona yakumwamba panali kabatire ndi nthawi, ndendende mmene zimaonekera pafoni.

"Nanga batire likutani kumwamba kwa Mulungu?" anafunsa mnyamatayo.

"Masiku ano phiri timayamba kuliona pafoni tisanalione ndi maso. Ine ndimajambula dziko mmene anthu akulionera."

"Zamveka. Koma nsanjayi mwainamizira. Mbale zake siziweramira pansi chonchi. Ikanakhala yeniyeni, bwenzi anthu onse akukwera m'mitengo kuti aimbe foni."

Mtsikana uja anakwinya nkhope. "Inu ndinu ndani kuti muzindikonza?"

"Ndine amene ndimazikwera."

Anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi zimene ankatola ali pamwamba pa nsanja. Mitsinje yopindika, madenga a malata, misewu yoonda ngati ulusi, mitambo ili pafupi ngati ungaikhudze. Mtsikanayo anangoti kukamwa yasa! Basi ziwiri zinadutsa iye osaziona n'komwe.

"Zala zanu zili ndi mitundu yonse," anatero mnyamatayo akuseka. "Ndizikutchulani Utawaleza. Mundipatse nambala, ndizikutumizirani dziko kuchokera kumwamba."

Anamupatsa. Ndani akanakana? Ndipo ali m'basi, anasunga nambala ya mnyamatayo pa dzina loti Mphamba, poti ankaona zonse ali m'mwamba. Akanakumbukira ntchito ya mphamba pa anapiye, mwina akanasankha dzina lina.

Kuyambira tsiku limenelo, foni ya Utawaleza sinapume. Chithunzi chilichonse chinkabwera ndi mawu ake.

"Utawaleza wanga, ndakwera mamita makumi asanu, koma mtima ndausiya pansi kwa iwe."

"Wokondedwa, mphepo ikugwedeza nsanja. Sindikuopa. Chimene ndimaopa ndi kukutaya basi."

Utawaleza ankawerenga, n'kuwerenganso, n'kuyankha kuti, "Gwiritsitsa Mphamba wanga. Ukagwa, ndigwa nawe." Kenako ankatenga burashi. Zithunzi zijazi ankazisandutsa zojambula zazikulu, thambo alipaka mitundu yake yowala, nthawi ndi batire zili pakona monga mwa chizolowezi chake.

Mphamba ankabwera kamodzi pa masabata awiri. Ankati amakhala kutali, pamsasa wa kampani wa amuna okhaokha, ndipo alendo saloledwa. Foni ikalira osayankhidwa, chifukwa chinalipo kale: "Munthu uli m'mwamba sugwira foni kawiri, ungasiye ana amasiye usanabereke."

Tsiku lina masana Mphamba anamupeza Utawaleza akusakaniza penti ya pinki m'chipinda chimene ankagwiramo ntchito. Anamukumbatira modzidzimutsa, ndipo mtsikanayo, mwachibwana, anakanikiza chikhatho chake chonyowa kumsana kwa jekete yachikasu ija. Zala zisanu zinatsala pomwepo, zooneka bwinobwino.

"Ndakudinda!" anatero akuseka. "Penti iyi sichoka. Aliyense adziwe kuti uli ndi mwini wake."

Mphamba anavula jeketeyo msangamsanga n'kuyamba kupukuta ndi kansanza. Nkhope yake inali itasintha.

"Wakwiya?"

"Ayi... abwana ndi ovuta pa nkhani ya zovala za ntchito." Kenako anamwetulira n'kumugwira tsaya. "Isiye. Ndiziyenda ndi dzanja lako kumsana, lizindikankha kuti ndibwerere kwa iwe."

Mkulu wake wa Utawaleza, amene ankasoka zovala pakona ya chipinda chomwecho, anangopitiriza kupalasa makina ake. Mlendo atachoka m'pamene anayankhula.

"Iwe, mwamuna uyu ukudziwa nsanja zake zonse, koma chitseko cha kumene amagona sukuchidziwa. Sizikukudabwitsa?"

"Asisi, mwayambatu."

"Sindinayambe kanthu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere."

"Si aliyense ali ngati amene anakukhumudwitsani inu uja."

Makina anaima. Mkulu wakeyo anamuyang'ana, kenako n'kuyambanso kusoka. Utawaleza anadziwa kuti walasa pabala, koma sanapepese.

Patapita miyezi inayi, mwayi unagogoda. Mayi wina woyang'anira nyumba yoonetsera zojambula anaona ntchito za Utawaleza pa intaneti ndipo anamuimbira.

"Mwana wanga, ndikufuna zojambula zako khumi. Koma pakhale china chachikulu, choti munthu akangolowa pakhomo aime. Uli ndi milungu itatu."

Utawaleza anadumphadumpha mpaka kugwetsa chitini cha maburashi. Woyamba kumuuza anali Mphamba, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo.

"Tamvera lonjezo langa. Tsiku la chionetsero chako ndidzakuveka mphete pamaso pa anthu onse. Ndikanama, nsanja idzandigwetse."

M'mawa mwake kunabwera chithunzi choposa zonse. Chigwa chobiriwira, msewu wofiira ukukwera phiri, chikwangwani chachikulu chapatali, ndipo m'munsi, pafupi ndi phazi la nsanja, timanyumba tingapo tokhala ndi madishi a kanema pamadenga. Mawu ake anali akuti: "Utawaleza wanga, kuno ndili ndekhandekha ngati mtengo wa m'chipululu. Ndikuganiza za iwe." Nthawi inali 10:43 m'mawa.

"Ichi ndiye chachikulu chija," anadziuza Utawaleza. Ndipo anaganiza zomudabwitsa Mphamba: pathambo adzajambulapo uthengawo wonse, m'kabokosi kake, ndi nthawi yake, ngati mmene unafikira pafoni.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Chithunzi ankachigawa m'timabokosi, chinsalu nachonso m'timabokosi. Kenako ankatenga kabokosi kamodzikamodzi, kukakulitsa pafoni ndi zala ziwiri mpaka tsamba lililonse lioneke, n'kujambula zonse zimene zilimo. Lamulo lake linali limodzi, ndipo ankanyadira nalo: mitundu atha kusintha, koma chimene chili pachithunzi sachotsa.

Anayambira kumwamba. Thambo linamutengera masiku anayi, phiri masiku asanu. Pa tsiku lakhumi ndi chiwiri anafika pa kabokosi ka pakona yakumunsi kumanzere.

Anakulitsa. Panali nyumba ya chitseko chobiriwira. Anakulitsanso. Kuseri kwa nyumbayo kunali chingwe choyanikapo zovala: matewera anayi, diresi yofiira, ndi jekete yachikasu.

Anakulitsa kachitatu. Kumsana kwa jeketeyo kunali chikhatho cha pinki.

Burashi inagwa pansi. Anachepetsa chithunzicho n'kuchikulitsanso, ngati kuti zala zisanu zija zisintha maganizo n'kuchoka. Zinali pomwepo. Kodi pamsasa wa amuna okhaokha pamayanikidwa matewera? Nanga diresi yofiira amavala ndani?

Anaimba foni. Sinayankhidwe. Anaimbanso. Kachisanu m'pamene Mphamba anayankha, akupuma mwawefuwefu.

"Wokondedwa, ndili pantchito, chavuta n'chiyani?"

"Jekete yako ikutani pachingwe cha matewera?"

Mphamba anayankha ndi funso.

"Jekete iti?"

"Usandiyese mwana. Ili pachithunzi chimene unanditumizira. Pali dzanja langa."

Mphamba anaseka, koma kuseka kwake kunachedwa pang'ono. "Aaa, imeneyo! Ndi kwa mayi amene amatichapira zovala. Tonse a pamsasa timapereka kumeneko. Ukufuna ndizichapa ndekha nditatopa?"

"Nanga bwanji pali jekete yako yokha? Za anzako zili kuti?"

"Anali atatenga kale zawo. Utawaleza, ukundiyesa wabodza? Ine ndikuika moyo pachiswe kumwamba kuno, ndikusungira iwe mphete, ndiye uzindifufuza ngati wapolisi?"

Mawu ake ananjenjemera ngati alira, ndipo mtima wa mtsikanayo unasungunuka. Anapezeka kuti iye ndi amene akupepesa.

"Ndakukhululukira," anatero Mphamba. "Koma chithunzi chimenecho chisiye, chatiyambanitsa. Ndikutumizira china chokongola kuposa chimenecho. Walonjeza?"

"Ndamva."

Sanalonjeze, anangoti wamva. Masiku anali akutha, ndipo chinsalu chinali chitatsala kabokosi kamodzi kokha. Anakhala patsogolo pake theka la tsiku, burashi ili m'manja. Akanatha kupaka tchire pamalopo, palibe akanadziwa. Mkulu wake anabwera n'kuima kumbuyo kwake, n'kuyang'ana pafoni.

"Upakapo chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Chimene chilipo," anayankha Utawaleza. "Ngati ndi kwa wochapa zovala, palibe choopa. Si choncho asisi?"

Mkulu wake anangomusisita paphewa.

Anajambula zonse: chitseko chobiriwira, matewera anayi, diresi yofiira, jekete. Chikhatho chija anachijambula ndi burashi yaing'ono kwambiri, ndi penti yomwe ija ya pinki. Pakakhadi ka dzina la chojambulacho analemba kuti: "Kumene Amandiganizira."

Mayi a nyumba yoonetsera aja atachiona anaomba m'manja. Anachitola ndi foni n'kuika pa intaneti theka lakumunsi lokha. "Kumwambaku akaonere konkuno," anatero. "Ukaonetsa zonse, abwera kudzatani?"

Tsiku la chionetsero linafika. Pofika masana, chipinda chinali chitadzaza. Achinyamata ankadzitola zithunzi patsogolo pa mapiri a pinki, ena akuseka batire la kumwamba, ena akutsutsana ngati zimenezi n'zojambula za malo kapena za foni. Utawaleza anavala diresi yoyera imene mkulu wake anamusokera. Ankayankha mafunso akumwetulira, koma maso ake anali pakhomo.

Foni inanjenjemera. "Ndili m'njira, mfumukazi yanga. Konzekeretsa chala."

Anapuma mozama. Mwaona? Akubwera! Munthu wabodza angabwere ndi mphete pagulu chonchi? Anafuna kuthamangira kwa mkulu wake kuti amuonetse uthengawo, koma wina anamugwira mkono.

Anali mayi wachitsikana, wa nkhope yofatsa, atanyamula khanda pachifuwa. Anali atavala diresi yofiira.

"Pepani asisi, akuti wojambula ndinu?" anafunsa mwamanyazi. "Ine sindidziwa za zojambula, koma mnzanga woyandikana naye nyumba anandionetsa pafoni. Ndinati ndikaone ndi maso anga. Nyumba ili apoyo ndi yanga!"

Utawaleza anayang'ana diresi yofiira ija. "Ndinu... ndinu amene mumachapira anthu a pamsasa?"

"Msasa uti?" Mayiyo anaseka. "Kwathu kulibe msasa. Ine ndimachapira anthu awiri basi, uyu ndi bambo ake. Ndi amene anatola chithunzichi, amagwira ntchito ya nsanja. Tsiku limenelo ankakonza ya kuseri kwathu. Kapena munachipeza pa intaneti? Taonani, ananditumizira."

Anatulutsa foni mosangalala. Chithunzi chinali chomwecho, chigwa chomwecho, msewu wofiira womwewo. Pansi pake panali mawu akuti: "Mayi a mwana, onani nyumba yathu mmene ikuonekera kuchokera kumwamba. Ndikutsika, mundisungire madzi osamba." Nthawi inali 10:42.

Mphindi imodzi yokha! Chala chomwecho, pansanja yomweyo, chinalemba "nyumba yathu" kenako n'kulemba "ndili ndekhandekha."

Mayi uja anali asanaone kanthu. Anayandikira chojambulacho, akuloza ndi chala. "Ndi matewera omwe mwajambula! Ndi diresi yangayi! Koma inu muli ndi maso. Ngakhale chidindo cha pajeketechi mwachiona? Chinandivutitsa chimenechi. Ndinachapa katatu, zala mpaka kusupuka, osachoka. Iwo anati ndi mnzawo wa kuntchito anawaseweretsa."

Kenako anakweza maso kuti aone theka limene sanalione pafoni. Anawerenga uthenga wa pathambo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Anawerenga nthawi. Anayang'ana pafoni yake. Kumwetulira kunazima.

"Utawaleza ndi ndani?" anafunsa.

Mayiyo anatsitsa maso n'kuyang'ana manja a mtsikana wa diresi yoyera. M'mbali mwa zikhadabo munali mutatsalira penti ya pinki, ija yosachoka.

"Dzanja lija ndi lanu," anatero. Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa.

"Sindinkadziwa," anatero Utawaleza, misozi ili chuchuchu. "Ndikulumbira, sindinkadziwa. Anandiuza kuti amakhala pamsasa. Anandiuza kuti inu ndinu wochapa zovala."

"Wochapa zovala," anabwereza mayiyo, akugwedeza mutu. "Zaka zinayi za ukwati."

Nthawi yomweyo pakhomo panamveka mawu ansangala. "Ali kuti mfumukazi yanga?"

Mphamba analowa atavala malaya atsopano, maluwa ali kudzanja lamanzere, kabokosi kakang'ono kali kudzanja lamanja. Anthu anamupatsa njira, ena atakweza kale mafoni kuti atole kanema wa chikondi. Anayenda masitepe asanu akumwetulira. Kenako anaona chojambula chija. Kenako anaona diresi yofiira.

Anaima ngati wapondedwa ndi galimoto. Khanda lija, litamva mawu odziwika, linatembenuka n'kutambasula timanja.

"Bambo a mwana," anatero mayi uja, "munati lero muli kunsanja yakutali. Maluwawo ndi a nsanja?"

"Ndi... ndikhoza kufotokoza. Tiyeni panja, tonse atatu, tikambirane ngati akuluakulu."

"Mphete ija ndi imeneyo?" anafunsa Utawaleza. "Umati undiveke kenako ubwerere kukasamba madzi amene akusungira?"

Mphamba anamuyandikira n'kunong'ona, thukuta lili kamukamu. "Ndinakuuza kuti uchisiye chithunzi chimenechi! Bwanji sunandimvere? Tamvera, Utawaleza wanga, iwe ndi amene ndimakukonda. Kunyumba kuja ndimangokhalako chifukwa cha mwana. Chitsitse chinsaluchi, anthu akutola. Kapena paka penti pakonapo, ufufute. Chonde, ndichotsedwa ulemu."

Ngakhale pamenepo, mtima wopusawo unafuna kumumvera. Mawu ake anali omwe aja a pokwerera basi, ofewa, odziwa njira yolowera. Utawaleza anayang'ana kabokosi ka mphete, chinthu chimene anachilota milungu itatu. Kenako anayang'ana zala za mayi uja, zimene zinasupuka pochapa chikhatho cha pinki chija.

"Unandiuza tsiku loyamba kuti nsanja ndinainamizira," anatero mokweza kuti onse amve. "Ichi sindinanamizire. Mitundu ndimasintha, koma chimene chili pachithunzi sindichotsa. Unatola wekha."

"Utawaleza..."

"Dzina limenelo lithere pompano."

Mkulu wake anali atafika kale pambali pake. Sananene kuti ndinakuuza. Anangomugwira dzanja n'kulifinya, ndipo Utawaleza anamva manyazi pokumbukira mawu amene anamulasa nawo tsiku lija.

Mayi wa diresi yofiira anakonza khanda lake pachifuwa n'kuyamba kutuluka. Mwamuna wake anamutsatira akuitana, maluwa akuyoyoka pansi. Pakhomo mayiyo anatembenuka, osayang'ana mwamunayo, koma mtsikana uja.

"Asisi, musachitsitse," anatero. "Chikhale pomwepo. Akadzayamba kukana, ndidzabwera ndi abale ake adzaone."

Atatuluka, mayi a nyumba yoonetsera anabwera mwakachetechete n'kufunsa ngati atseke chionetserocho.

"Ayi mayi, musatseke. Mundibwereke cholembera."

Utawaleza anapita pakakhadi kaja kolembedwa kuti "Kumene Amandiganizira." Anakachotsa, n'kukatembenuza, n'kulemba kuseri kwake. Misozi inadonthera pa inki, koma mawu ankawerengeka. Anakabwezeretsa pakhoma, pansi pa nyumba ya chitseko chobiriwira.

Foni inanjenjemera m'dzanja lake. "Wokondedwa, usaweruze msanga. Ndikufotokozera zonse mawa. Ndiwe wekha."

Anayang'ana nthawi ya uthengawo, n'kudzifunsa kuti mphindi imodzi yapitayo walembera ndani. Anathimitsa foniyo n'kuipereka kwa mkulu wake.

Anthu anayamba kuyandikira mmodzimmodzi kuti awerenge dzina latsopano la chojambulacho. Pakakhadipo panalembedwa kuti: "Nyumba ya Eni Ake."